Dothi la Che Mustafa

"Palibe nyumba m'bairo la Kuchulu imene ilibe dzanja langa!" Amatero bambo Masautso, uku akudzimenya pachifuwa kuti ndi a kumsika wa Mandimba omwe amve. Munthuyo anayenda. Sitima anaikwerera ku Entre Lagos mpaka ku Nampula, mchere anagulitsapo ku Cuamba, nyanja yamchere anaiona ndi maso ake. Koma chimene chinamukweza ndi njerwa.

Pobwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, anali ndi chikombole chimodzi ndi bulangete. Kuchulu nthawi imeneyo kunali nyumba zisanu ndi ziwiri zaudzu, mitengo ya mango, ndi chulu chachikulu pamunda wa Che Mustafa, chimene chinapatsa malowo dzina. Che Mustafa ndiwo anamulandira. Tsiku limene Masautso anafunsa mtengo wa dothi la pachulupo, mkuluyo anapukusa mutu.

"Dothi sitigulitsa. Bwerekani."

"Ndidzabweza, bambo, chulu chonse ndi chiswe chake chomwe!"

Anaseka onse awiri, uvuni woyamba n'kuyaka.

Kenaka anthu anayamba kubwera. Aphunzitsi a ku Massangulo, alimi a ku Itepela otopa ndi kuyenda pa njinga, amalonda ofuna kugona pafupi ndi malire. Aliyense ankafuna njerwa, ndipo Masautso sankadziwa kukana. Msewu utathiridwa phula zinachita kunyanya. Kunabwera magetsi, zigayo ziwiri, ndi masitolo amene kuno timati maloja. Chaka chatha sekeretaliyo, mlembi wa bairo, atawerenga anapeza nyumba mazana asanu ndi anayi. Chulu chinatha kalekale, okumba n'kumatsikira pansi, moti ana obadwa lero amadabwa kuti dzina la Kuchulu linachokera kuti, poti chimene amaona pakati pa bairo lawo ndi chidzenje chotalika ngati bwalo la mpira.

Masautso anasiya kuumba, anatsegula loja ya simenti ndi malata. Kumtunda kwa dzenjelo anamanga nyumba yake, n'kuizinga ndi mpanda wa njerwa woposa msinkhu wa munthu. Mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa mpandawo asanapatsidwe mpando.

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa masiku atatu osapuma. Itangokata, mayi Hawa, amasiye a Che Mustafa, anafika paloja, matope ali m'miyendo. Anakana kukhala pansi.

"Che Masautso, tiyeni mukaone."

"Amayi athu! Edgar mwanangu, mpando! Tengani shuga, tengani chilichonse, loja ino ndi yanu."

"Shuga ndili naye. Tiyeni."

Anapita. Khoma la dzenje la mbali ya kumunda linali litagumuka, mtengo wa mango umodzi uli chagada m'madzi ofiira. Kuchokera pamanda a Che Mustafa kufika pamphepete panatsala mapazi atatu, ndipo mng'alu unali utayamba kale kulowera kumutu kwa mandawo.

Masautso anachita ngati sakuona mng'aluwo. "Izi n'zazing'ono, amayi. Ku Nampula ndinaona manda a matailosi. Tiwasamutsa mkuluyu, ndilipira ine zonse."

"Tifukule amuna anga chifukwa cha njerwa zanu? Anawagoneka moyang'ana kumene amayang'ana popemphera. Agona pomwepo." Mayi Hawa anakonza mpango wawo. "Ndinalipo tsiku lija, ndinkapeta mpunga. Simunagule. Munabwereka."

Bamboyo anatembenuka n'kubwerera kuloja.

Koma Masautso ndi Masautso. Pofika masana anali atatuma mwana wake Edgar ndi lole kukatenga dothi kunja kwa tauni. Loleyo inabwera yodzaza, ana akuithamangira, Masautso ataichingamira n'kukwera pamwamba ngati mfumu. Inakhota kusiya msewu waukulu, inayenda pang'ono, n'kuima. Kutsogolo kunali khoma la nyumba.

"Pano panali njira ya ngolo!" anakuwa Masautso.

"Inalipo, bambo," anayankha Antónia, mwini nyumbayo, ali pakhonde. "Njerwa zake munandigulitsa ndinu, munandichotserako mtengo."

Anayesa kumbali ya chigayo, anapeza bafa ndi khola la mbuzi. Anayesa kumzikiti, anapeza maloja atatu ogundana. Bairo lonse linali litazinga dzenje lake, ndipo mipata yotsala inali yongodutsa munthu ndi wilibala. Kuchokera pamene lole inaima, wilibala imodzi inkatenga nthawi yophikira nyemba kuti ipite ndi kubwera. Dothi lakelo likafika linkangosungunuka m'madzi. Kumapiri a ku Ngauma mitambo inali itayambanso kuda.

"Bambo," anatero Edgar akupukuta thukuta, "dothi lofewa siligwira apa. Pafunika zolimba, miyala. Ndipo zikhale zapafupi."

Onse anatembenuka. Chapafupi ndi cholimba chinalipo chimodzi chokha, chitaima kumtunda, chopakidwa laimu.

"Usayang'ane kumeneko, iwe."

"Sindinanene kanthu, bambo."

Masautso anatsikiranso kumanda. Mng'alu uja tsopano unkalowa dzanja. Mayi Hawa anali atakhala pamphasa pambali pake, osalira. Bamboyo anakumbuka bulangete lija, ndi mbale ya mpunga imene anadya pakhonde pa anthu amenewa asanadziwe n'komwe dzina lake. Anakwera kumtunda, anatenga hamala yaikulu m'loja, n'kumenya yekha pangodya ya mpanda wake.

Anthu anabwera kudzaonerera, kenaka anabwera ndi mawilibala awo. Antónia anabwera ndi beseni. Ena ankanyoza akunyamula.

"A Masautso, lero tiona nawo m'mene olemera amasambira!"

"Onani, onani! Ngakhale kugumula kwanga kulibe mnzake!" anayankha, koma mawu ake anali osasa.

Anagwira masiku awiri, mvula ikuwawaza. Njerwa anazisanja kuyambira pansi pa dzenje, mizere yotsamirana, zidutswa ndi dothi la lole lija n'kumatsira kumbuyo kwake. Mvula yeniyeni inabwera tsiku lachitatu. Mbali ya kumpoto inagumuka, inatenga chimbudzi cha mphunzitsi wina, ndipo nyumba zisanu zinatsala zikuyang'ana m'madzi. Masautso analibenso mpanda wina. Koma manda a Che Mustafa sanasunthe.

Mayi Hawa anaponda pamwamba pa njerwazo ndi chidendene, uku ndi uku.

"Chulu sichinabwerere," anatero.

"Sichinabwerere, amayi."

"Koma pogona amuna anga mwabweza. Zinalowa zingati?"

Masautso anayang'ana kumtunda, kumene nyumba yake inaima pambalambanda, mbuzi za eni zikudya maluwa pakhomo. Nambalayo ankaidziwa, poti anali ataiuza mlendo aliyense kwa zaka khumi.

"Njerwa zikwi khumi ndi zisanu ndi zitatu," anatero. "Sinatsale ndi imodzi yomwe."