Nsalu Yakuda ya Obadiya

Obadiya anali atatopa nayo kamera yake yamiyendo itatu, yochita kufunda nsalu yakuda pojambula. Kusitolo ya Mmwenye ku Katete kunabwera ina yaing'ono, yongoika padiso, ndipo anati adzaigula akagulitsa mtedza.

Loweruka lina mkazi wake Elina anamuuza kuti, "Amayi akufuna chithunzi choti atumizire achimwene kumigodi."

Chikwatirire, Obadiya ndi apongozi akewo ankathawana panjira monga mwa mwambo, ndipo anali asanayang'anizanepo. Koma iye atalowa m'nsalu muja, mayiwo anakhala pampando mosaopa n'kuyang'ana kamera. Pagalasi anawaona mozondoka, akumwetulira. Anali ndi kampata pakati pa mano, ngati ka Elina.

Atagulitsa mtedza, Obadiya anakagula nsalu ina yakuda.