Kanema wa Mayi Ollerton

Ine sindinamukayikirepo mchimwene wanga Desmond, ngakhale tsiku limene anamugamula kuti akaseweze kundende pa mlandu wogwiririra mkazi wina wa m'tauni mwathu. Loweruka limene mkaziyo anatchula, masana onse Desmond anali pansanja ya tchalitchi akuliza mabelu. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti ukagwira chingwe suchisiya mpaka kumapeto, ukachoka nyimbo yonse yafa. Anzake oliza nawo anaikira umboni, koma khoti linati akungomuikira kumbuyo. Zinandiwawa kwambiri. Choipitsitsa, mwana wake Bryony anakhulupirira khoti, n'kusiya ngakhale kutchula dzina la bambo ake.

Pokonzekera apilo, loya wathu anakakamiza apolisi kuti atulutse zonse zimene anatolera koma osazionetsa pamlandu. Anazengereza, komabe anatulutsa. M'katimo munali kanema wa Mayi Ollerton.

Mayi amenewa amakhala moyang'anizana ndi tchalitchi, ndipo mabelu amadana nawo ngati dzino lobooka. Akangoyamba kulira, iwo amaimika kamera pawindo kuti akhale ndi podandaulira. Loweruka lija anajambula masana onse n'kukatula kupolisi. Wofufuza mlandu anamuonera ndithu kanemayo, Desmond akuoneka bwinobwino pawindo la nsanja, thukuta lili kamukamu, koma anati imeneyo ndi nkhani ya phokoso chabe.

Ndinapita kukawathokoza.

"Mayi, mwatipulumutsa."

"Ndapulumutsa ndani? Ine ndinkafuna amangidwe chifukwa chondigonthetsa m'khutu, osati zinazo ayi," anatero atagwira m'chiuno. "Mchimwene wakoyo pachingwe paja sanachokepo. Akanachokapo bwenzi nditapumako!"

Oweruza a apilo ataonera kanemayo anafafaniza chigamulo chonse. Sindinadabwe.

Desmond anatulukira khomo la m'mbali la khotilo, atawonda, kajumbo ka zovala kali m'manja. Ndinamukumbatira koma maso ake anali kwina.

"Glenys, Bryony wabwera?"

"Kanema uja waonera, achimwene."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinamulozera tsidya lina la msewu. Bryony anali ataima pokwerera basi, manja ali pakamwa, akulephera kuwoloka. Ndinadziwa kuti ndi manyazi, ndipo mkwiyo wonse umene ndinamusungira unandithera pomwepo.

Desmond anandisiyira kajumbo kaja n'kulowa mumsewu osayang'ana uku ndi uku, magalimoto akumuimbira mahutala.