Nyemba za M'kapu ya Mayi Widad

Suhair anali akuthira khofi wowawa m'tikapu pamene azakhali ake, a Fathiya, anafunsanso funso lija, kachitatu pa masiku atatu a maliro a mayi ake a Suhair, Mayi Widad.

"Koma ine mutu wandiima. Widad ameneyu, munthu woti akangoyetsemula amaimbira mwana wake, tsiku limenelo osakuimbira? Pamtima pakumupweteka m'mawa wonse, iye chete?"

"Tinali m'holo, azakhali. Mafoni sankagwira."

Bodza limeneli linali litayamba kutuluka mosavuta pakamwa pake, ndipo n'zimene zinkamuchititsa manyazi koposa. Foni inkagwira bwinobwino. Inanjenjemera katatu patebulo, kuhotela ku Amman, iye ali chiimire pamaso pa anzake oposa zana. Unali msonkhano wapachaka wa akatswiri othandiza anthu ovutika maganizo mwa njira ya uphungu yotchedwa DBT, ndipo iye ankaphunzitsa za mafoni a odwala: munthu zikamuthina aimbe ndithu, koma wothandiza aike malire kuti wodwala asazolowere kuimba nthawi iliyonse. Ataona dzina la mayi ake, anangoitembenuza foniyo n'kupitiriza. Pomaliza anthu anamuombera m'manja nthawi yaitali.

Malirewo anayamba kuwayesera pa mayi ake omwe. Chimwalirireni bambo, Mayi Widad ankaimba kakhumi pa tsiku kuchokera kuno ku Irbid: azitona wakwera mtengo, mphaka wa aneba waswa, kodi wadya? Suhair anawakhazika pansi monga amachitira ndi odwala ake. Aziimba kamodzi, 6 koloko madzulo. Mtima ukawatuma nthawi isanakwane, akoke mpweya, aponye nyemba imodzi m'kapu. Nthawi ina iliyonse iye sayankha, pakuti kuyankha n'kuthirira khalidwe lomwelo. Madzulo aliwonse mayiwo ankayamba ndi lipoti: "Lero zisanu zokha, adokotala. Ndakhoza?" Akatero ankabweza nyembazo m'botolo kuti mawa ayambirenso.

Cha m'ma 5 koloko kunafika anzake anayi ochokera kumsonkhano, umene unatsekedwa masana omwewo. Anamukumbatira, n'kukhala pansi pakati pa amayi ena. Dokotala Lamis, mkulu wa gulu lawo, anamugwira dzanja.

"Tawapempherera amayi potseka. Limba mtima, mwana wanga."

Koma Dana, amene anali asanathe chaka pantchitoyi, anaganiza zomusangalatsa namfedwa. "Aphunzitsi, anthu onse akukamba za mayi wa nyemba uja munatiuza. Ineyo ndikayesa sabata ya mawa kwa wodwala wanga."

"Nyemba?" anatero a Fathiya, amene khutu lawo silinkaphonya kanthu. "Nyemba zatani?"

Suhair ananyamula ketulo yodzaza n'kunena kuti khofi watha.

Kukhitchini anapezako mchimwene wake Mutasim, amene anachoka kwa amuna kudzatenga madzi. Iyeyu ndiye anawapeza mayiwo ali gone pansi pomwepo, masana a tsiku lija.

"Adokotala, anzanu anzeru aja afika eti?" anatero osamuyang'ana.

"Achimwene, chonde, osati lero."

Mutasim anatulutsa kafoni kakale ka mayi awo m'thumba la malaya n'kukaonetsa. "Katatu. Koyamba 11 koloko itangokwana. Kuholo kwanuko mafoni amagwira, Suhair. Ine ndinakupeza kamodzi n'kamodzi."

Suhair anatsamira sinki. "Mwadziwa masiku onsewa, osanena?"

"Ndiuze ndani? Azakhali, kuti Irbid yense amve dzuwa lisanalowe?"

"Nanga inu sanakuimbireni bwanji? Muli pafupi pompa."

"Ine ndimadziwa matayala. Dokotala ndiwe, ankatero." Anabweza kafoniko m'thumba. "Komanso masabata awiri ndisanaponde pakhomo pano. Usaone ngati ndikugona tulo."

Suhair anali atauza odwala mazanamazana kuti manyazi amanenepa munthu akabisala, ndipo mankhwala ake ndi kudzutsa mutu n'kunena chimene wachita. Kunena kunali kophweka ali pampando wake wa ku ofesi. Tsopano mtunda wochoka pasinki kukafika pabalaza unamutalikira. Anauyenda, n'kuima pakhomo manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Azakhali, ndinakunamizani. Amayi anaimba katatu. Ndinaona, sindinayankhe, chifukwa nthawi yathu inali isanakwane." Anatembenukira kwa anzake. "Mayi wa nyemba uja ndi mayi anga."

Dana anagwira pakamwa. Dokotala Lamis, amene sankasowa mawu pamaso pa munthu wolira, anangoyang'ana kapeti. Suhair anadikira kuti azakhali amulalatire, ndipo pansi pamtima ankafuna atatero.

"Ndiye nyemba zake ndi zimenezo?" anatero a Fathiya motsitsa mawu. "Ine ndinkamuseka. Ndinkati Widad, wapenga kodi, nyemba za m'kapu ya khofi? Iye amvekere, usandiseke, awa ndi mankhwala a ku Amman, wandilembera mwana wanga amene amaphunzitsa madokotala anzake." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Ankanyada nazo, mwana iwe."

Mutasim anatulukira kumbuyo kwa mchemwali wake, ngakhale uku kunali kwa amayi okhaokha. M'manja mwake munali kapu yoyera yobenthuka pakamwa.

"Inali pawindo. Ndinaibisa kuti otsuka mbale angataye."

Suhair anagwada n'kukhuthulira nyembazo pathireyi ya khofi. Anaziwerenga ndi chala, pang'onopang'ono, akudziwa kuti zadzulo lake zinabwerera m'botolo monga mwa nthawi zonse. Zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zonse za m'mawa umodzi. Mayi ake anadzigwira maulendo onsewo, pamtima pakupweteka, asanaphwanye lamulo la mwana wawo.

Ali chigwadire choncho, kafoni kaja kanayamba kulira m'thumba la Mutasim. Amayi ena anadzidzimuka.

"Si munthu ayi," anatero iye. "Ndi kabelu kawo. Ndalephera kukazimitsa."

Suhair anayang'ana wotchi yapakhoma. Kunatsala mphindi zisanu kuti 6 koloko ikwane. Mayi Widad ankakatchera msanga chotero kuti asambe m'manja, awerenge nyemba zawo, n'kukhala pampando foni ili m'manja, kuopa kuchedwetsa adokotala.