Kachitsulo M'khwapa mwa Bambo

Hatchi inaponyanso mutu m'mwamba, kachitsulo ka m'kamwa kanagunda mano n'kugwera m'ndowe. Telala anakatola, anakapukuta pasiketi yake, misozi ya mkwiyo ili lengelenge.

"Inu bambo aang'ono, mukufuna ndichite kukugwadirani?"

Ankaitchula choncho chifukwa bambo ake, omwe ankayendetsa ngolo, ankati hatchiyo ndi mng'ono wawo. Inali nthabwala ya pabanja, koma m'mawa umenewo panalibe woseka. Mlimi amene anabwera kudzaitenga anali atatsamira chitseko cha khola, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ine sindikukana ayi," anatero mlimiyo. "Msipu ndili nawo, ntchito yake ndi yopepuka. Koma hatchi yokana chingwe ndiyenda nayo bwanji mumsewu wa magalimoto?"

Ankanena zoona. Chigwereni bambo a Telala ndi matenda ofa ziwalo, mkono wamanja ndi lilime zinasiya ntchito, ndipo hatchi sinalolenso munthu wina kuiveka chingwe kumutu. Telala anali kuwatengera bambowo kwake, kuchipinda chapamwamba kumene mwini nyumba salola ngakhale mphaka. Galimoto ya katundu inali kubwera masana. Mlimi akapanda kuitenga hatchiyo, wotsala anali bambo wa kophera nyama, amene anali atabwera kale kudzaipapasa nthiti, manyazi alibe.

Mlimi anayesa yekha. Anaigwira khutu monga amachitira ndi zake. Aaa, ndiye anaiputa! Inabwerera chafutambuyo, inagudubuza ndowa, maso ali tong'o, thupi lonse lili njenjenje.

"Basi, basi, muipweteka," anatero Telala.

Ndi pamene anamva kugogoda. Bambo ake, amene anawakhazika pazenera la kukhitchini pakati pa makatoni, ankamenya galasi ndi supuni. Iye anali atawauza kuti mng'ono wawo akungopita kokadya msipu, abweranso. Koma mungamunamize munthu amene akuona makatoni omangamanga?

Anawanyamula ndi mpando womwe, iye uku mlimi uku, n'kuwakhazika pakhomo la khola. Bambowo anaponya supuni m'thumba la malaya, analoza chingwe ndi dzanja lamanzere. Atawapatsa, sanayang'ane n'komwe hatchi. Analowetsa kachitsulo kaja m'khwapa mwa mkono wakufawo, anakapanikiza, n'kukhala phee.

Telala anagwira pakamwa. Malaya onse a bambo ake anali ndi dzimbiri m'khwapa. Mayi ake mpaka tsiku lomwalira ankadandaula kuti sopo akuthera pamenepo, ndipo iye mwini anaikapo zigamba kangati, osafunsa ngakhale kamodzi. Kani ankafunditsa chitsulo kuti chisazizire mng'ono wawo m'kamwa!

Hatchi inasiya kunjenjemera. Inasendera yokha, inaika mphuno pamiyendo pawo, ikupuma mofatsa. Bambo anatulutsa kachitsulo, anakaika pachikhatho chotambasula. Sanakankhe, sanakakamize. Hatchi inayasamula n'kukatenga ngati mwana wolandira siwiti.

Chinatsala n'kudutsitsa lamba kuseri kwa makutu, ndipo pamenepo pamafunika manja awiri. Bambo anayang'ana dzanja lawo lamanja lili gone pabondo. Anayesa, phewa linagwedezeka, dzanja osasuntha. Anayesanso, thukuta lili kamukamu pamphumi. Zinali zomvetsa chisoni, moti mlimi anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana denga ngati pali chinachake.

Telala anagwada, anadutsitsa lamba uja, anamanga. Manja ake ankakhudzana ndi a bambo ake pamphumi pa hatchi.

"Bambo, pepani. Sabweranso," ananong'ona. "Ndinakunamizani."

Iwo anangogwedeza mutu. Ankadziwa kalekale.

"Ndaona mmene mwachitira, akuluakulu," anatero mlimi, mawu akuthothoka pang'onopang'ono. "Ndizikafunditsa. Malaya anga nawonso achite dzimbiri, palibe kanthu."

Anaitulutsa bwinobwino mpaka pageti. Pamenepo panali mwala wafulati umene bambowo ankapondapo pokwera ngolo m'mawa uliwonse. Hatchi inafika pamwalapo n'kuima nji. Mlimi anakoka, ananyengerera, anaimba kamluzu, koma ayi ndithu. Inkadikira mwini wake akwere. Telala mtima unangoti myuu. Ikakana pano ndiye kuti zonse zija zapita pachabe, mawa ili kophera nyama.

Anacheukira bambo ake. Iwo anali atapisa m'thumba. Moyo wawo wonse, akakhala pangolo, ankagogoda thabwa kawiri kuti ulendo uyambe. Anakweza supuni, anaigwira m'malere kanthawi. Kenaka anamenya mpando. Go! Go!

Hatchi inaimika makutu, inanyamuka mwamphamvu, yosangalala, osacheuka, poganiza kuti mkulu wake wakwera kumbuyo.

Anamvetsera ziboda mpaka zinasowa m'phokoso la magalimoto.  Pamalaya oyera a bambo, amene Telala anawasitira ulendowu, panali kale banga lofiira m'khwapa. Bambo anam'patsa supuni ija, anapukuta kumaso ndi mkono, n'kuloza kunyumba kuti awanyamule.