Ife Tikalembetsa Kwathu

Vuto linayamba ndi choko. Lolemba lina m'mwezi wa Seputembala, chaka cha 1998, Elube pochokera kumpopi anapeza amayi ake, a Dailesi, akupukuta chitseko ndi kansanza konyowa. M'mawa umenewo anthu a kalembera anali atadutsa mu Area 23 akulemba manambala pazitseko, ndipo anasiya mawu oti abweranso Lachitatu kudzafunsa mafunso.

"Amayi, nambalayo siyofufuta," anatero Elube motsitsa mawu. Anali mtsikana wa fomu thu, wosalankhulalankhula, ndipo za kalembera anali ataziphunzira kusukulu.

"Chitsekochi n'cha boma?" anafunsa amayi ake osacheuka. "Ife sitilembetsa kuno. Tikalembetsa kwathu."

Kwawo kumene ankanenako kunali kwa Kanyimbi, kamudzi ka ku Dedza kobisala kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire a Mozambiki. Kumazizira kumeneko, ndipo mbatata ya kachewere imachita bwino. Akuti mudziwo unayamba ndi mabanja atatu okha, koma tsopano nyumba zinali zitakwera mpaka m'mbali mwa phiri, malo olima n'kuchepa. A Dailesi anali ndi dimba lawo m'mphepete mwa kamtsinje, limene malemu mayi awo anawasiyira. Mng'ono wawo, a Tina, amene anali ndi ana asanu ndi mmodzi, ankaliyang'ana ndi diso limodzi. Ulendo wapitawo anachita kunena poyera kuti, "Inu achemwali ndinu a m'tauni, dimba n'lachiyaninso?"

Mawu amenewo anawakhala pamtima a Dailesi. Ankaganiza kuti boma likangowalemba kuti ndi a ku Lilongwe, pepalalo likafika kwa amfumu, ndipo dimba lipita.

"Wolemba dzina lako amakhala ndi chake mumtima," anamuuza Elube. "Tinaziona ife nthawi ya makadi a chipani. Tsono Lachitatu bambo ako akapita kuntchito, ine ndikhala kuchipinda. Akabwera anthuwo uwauze kuti eni nyumba kulibe, ife ndife alendo."

Elube anangovomera ndi mutu. Kutsutsa amayi ake sankakudziwa, kunamanso sankakutha.

Lachitatu cha m'ma teni kunamveka odi. A Dailesi anathamangira kuseri kwa katani atabereka Pamela, mwana wawo wa miyezi isanu. Elube anatsegula chitseko pang'ono, maso ali pansi. Anangoona nsapato zafumbi ndi chikwama cha mapepala.

"Eni ake kulibe," anatero. "Ife ndife alendo, tabwera dzulo."

Munthuyo anaseka. "Elube Stephano, sitandade sikisi, mzere wa kukhoma. Chaka chathunthu ndinkakuitana dzina iwe n'kumayankha kuti ulipo. Lero wasanduka mlendo?"

Elube atakweza maso anapeza kuti ndi a Mwamadi, aphunzitsi ake akale a kupulayimale. Analakalaka nthaka itang'ambika alowemo.

"Usavutike, mwanawe," anapitiriza a Mwamadi. "Ngakhale alendo timawalemba, bola agona m'nyumbamo. Nanga nambala yanga yapita kuti? Kapena kunagwa mvula pachitseko chino chokha?"

Kuseri kwa katani Pamela anayetsemula. A Dailesi anatuluka nkhope itauma, akumanga chitenje.

"Ndinafufuta ndine, aphunzitsi, mwanayu musamunene. Ife kwathu ndi ku Dedza. Kuno tikungokhala."

"Mwakhala zaka zingati, mayi?"

"Khumi ndi zisanu. Koma n'kungokhala."

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene onse ankamutcha Anagama, anali akuyanika zovala pampanda ndipo anamva zonse. Anabwera manja ali nyowenyowe.

"Amake Elube, mukadwala malungo mumakwera basi ya ku Dedza?"

"Musandiyambe, Anagama. Mwina nanunso akutumani."

"Andituma ndani, mkazi wogulitsa tomato? Ndikufunsa chabe. Kumpopi kuja timaima limodzi mpaka miyendo kuphwanya. Ralph wanu amaphunzira pansi pa mtengo, makalasi anadzaza. Ndiye aliyense wa muno akati akalembetsa kwawo, a boma adzati mu Area 23 mumakhala nkhuku zokha. Mpopi wina atipatse chifukwa chiyani?"

A Dailesi sanaseke. Anayang'ana chikwama cha a Mwamadi ngati muli njoka. "Zampopi ndazimva. Nanga dimba langa? Pepala lanulo likafika kwa amfumu, mng'ono wanga n'kunena kuti onani, anadzilembetsa yekha kuti ndi wa m'tauni, ine ndidzaloza chiyani?"

A Mwamadi anakhala pakhonde n'kutulutsa pepala limodzi losalemba. "Taonani, mayi. Pepala ili silipita kwa amfumu, silipita kuchipani, ngakhale mwini nyumba yanu saliona. Tinachita kulumbira kuti zimene mwatiuza sitiulula. Kulikulu amangophatikiza manambala kuti adziwe kuti dera lakuti muli anthu angati, ana angati, okalamba angati. Kalembera sagawa malo, salandanso malo."

"Ine anandilembera konkuno mu 87," anatero Anagama, "koma munda wanga ku Ntcheu ndikulimabe mpaka lero. Munda saugwira ndi pepala, achemwali. Amaugwira ndi khasu, ndi kuoneka pamaliro. Mukasiya ziwirizo, ngakhale mutabisala kuseri kwa makatani khumi, dimba lipita."

A Dailesi anagwedeza mwana kumbuyo. Kenako anakoka Elube padzanja.

"Khala apa, pafupi ndi aphunzitsi akowa. Chilichonse alembe undiwerengere. Akangolemba za dimba, unene."

Elube anakhala. Anawerenga mzere uliwonse: bambo ake a Goodwin, amayi ake, iye mwini, Ralph, Harry. Zaka zawo, sukulu imene analekezera, kumene amatunga madzi. Za dimba munalibe.

"Wakumbuyoyo dzina ndani?" anafunsa a Mwamadi.

"Kakhandaka nakonso? Kadziwa chiyani?"

"Makamaka kameneko, mayi. Zaka zisanu zikubwerazi kadzafuna desiki."

A Dailesi anatchula dzina la Pamela monyinyirika. A Mwamadi atachoka, mayiwo anaima pakhomo kuwayang'anitsitsa mpaka atalowa nyumba yachitatu. Mtima wawo unali usanakhazikike kwenikweni.

Mu Okutobala anapita kwa Kanyimbi ndi Elube, atanyamula mbewu ndi khasu latsopano. Atafika, a Dailesi sanayambe n'kumwa madzi, anafunsa a Tina ngati a kalembera anabwera.

"Anabwera," anatero a Tina. "Ndinawauza kuti ndili ndi achemwali anga ku Lilongwe, awalembenso pano. Anakana. Akuti amalemba amene awapeza, a m'tauni awalembera komweko."

"Ndiye za dimba anati chiyani?"

"Dimba? Sanafunse n'komwe. Afunsirenji?"

A Dailesi anamuyang'ana Elube, Elube anayang'ana pansi. Onse awiri anaona chinthu chimodzi: akanabisala tsiku lija, anthu asanu ndi mmodzi a m'nyumba mwawo sakanawerengedwa kulikonse, ku Lilongwe ayi, ku Dedza ayi.

M'mawa mwake anatsikira kumtsinje. Dimba linali pomwepo, udzu utafika m'mawondo. A Dailesi analasa khasu loyamba anthu opita kumadzi akuona, akuwapatsa moni ndi dzina la malemu mayi awo. Pofika masana a Tina nawo anabwera ndi khasu lawo kudzathandiza.

Kalembera akafika pakhomo panu, musabisale ndipo musabise munthu, kaya ndi mlendo kaya ndi khanda. Lembetsani kumene mukukhala, chifukwa ndi kumene mumamwa madzi, kumene mumadwala, kumene ana anu amaphunzira. Kulembetsa m'tauni sikuchotsa munthu kumudzi kwawo.