Valavu Yosadziwa Kudikira

M'zaka za Chitaganya, kuseri kwa msika wa Madisi kunali kafakitale koyenga mafuta a mtedza. Ngolo zinkandanda kuchokera kutali ngati ku Malomo, ndipo fungo linkafika mpaka ku mishoni. Mtedza usanafinyidwe unkatenthetsedwa ndi nthunzi mu mphika waukulu wachitsulo. Wosamala kutenthako anali a Kalebe Chimphepo, amene kwa zaka khumi ndi ziwiri anaima pa valavu imodzi yotsegulira ndi kutsekera nthunzi, diso lili pa muvi wa geji yoonetsa kutentha. Kutentha kukachepa mafuta ankakana kutuluka, kukapitirira ankawawa.

Mu 1958 mwini fakitale anagula chipangizo chotsegula ndi kutseka valavu pachokha. Wodzachimanga anali a Langton Mwale, injiniya wophunzira ku Bulawayo. A Kalebe anauzidwa kuti azikasenza matumba. Anapita ku matumbako mtima ukuwawa.

Chipangizo chija chinayamba ntchito mwaphuma. Muvi ukangotsika pang'ono, chinkatsegula nthunzi yonse. Muvi ukakwera, chinkatsekeratu. Muvi unkangoti uku, uko, ngati munthu wochokera ku mowa. A Kalebe, thumba lili pamsana, ankamva mapaipi akulira n'kudziwa kuti mtedza ukupserera.

Tsiku lachitatu a Langton anawatsatira ku matumba, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mabuku anga atha. Inu munkachita bwanji?"

A Kalebe anafuna kukana, koma mtedza wa anthu unawamvetsa chisoni.

"Chinthu chanucho n'chosaleza mtima," anatero. "Mphika uwu umayankha mochedwa. Mukautsegulira nthunzi, muvi sugwedezeka msanga. Inu mukaganiza kuti sunamve n'kuwonjezera, mwaononga. Ine ndinkapotoza pang'ono, n'kunena Atate Athu kawiri, kenaka n'kuyang'ana."

A Langton anatulutsa wotchi. "Tanenani, ndiyese nthawi yake."

A Kalebe anavula kapusi n'kupemphera pamaso pa mphika, antchito anzawo akuseka chamumtima. A Langton analemba nthawiyo, n'kutembenuza tizitsulo ta m'chipangizomo kuti chizitsegula pang'onopang'ono. Anayesa kanayi. Dzuwa likupendeka, muvi unakwera, unadutsa mzere pang'ono, n'kubwerera, n'kukhazikika. Mafuta anatsika oyera mbee.

"Chamva," anatero a Kalebe, ndipo anadabwa kuti akondwera.

A Langton anaumirira kuti mkuluyo abwerere pa mphika, chifukwa mtedza wa chinyontho unkafuna munthu wosintha mlingo wa nthunzi. Kwa miyezi ingapo dzanja la a Kalebe linkapitabe lokha pa valavu, iwo n'kulibweza mwamanyazi.

Fakitaleyo inatsekedwa kalekale, ndipo pamalopo panamera bulugama. Koma a Langton sanasiye kubwera. Chaka ndi chaka ankatsika basi pa Madisi atanyamula shuga ndi masamba a tiyi, ndipo awiriwo ankakhala pakhonde kukangana za makina mpaka basi yobwerera itawasiya.