Waya wa pa Muwanga

Tisauke anafika ku Nkomeshya pa ngolo imodzi ndi waya waminga. Iye ankachokera ku Petauke, atakwatiwa ndi Sanford. Wayayo ankachokera ku famu ya mzungu kumene Teddy, mkulu wake wa Sanford, ankakama ng'ombe. Ngolo inawatola onse awiri pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, ndipo kunena zoona, wayayo analandiridwa bwino kuposa mkwatibwi. Teddy anazinga naye khola lonse, ndipo pochita ulesi kukumba dzenje la mzati, anangomukhomera pa mtengo wautali wa muwanga umene unali pangodya pa kholalo.

Dzinja la chaka chomwecho mphezi inagwera muwangawo, ng'ombe zingapo n'kufa. Anthu anati ndi tsoka chabe. Dzinja lotsatira inagwanso pomwepo, n'kutenga ng'ombe zina pamodzi ndi ng'ombe yolimira imene Teddy ankaikonda kuposa abale ake.

Apa ndi pamene Mainess, mkazi wa Teddy, anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankati mphezi ikagwa kamodzi ndi ya Mulungu, koma ikabwereza pamalo amodzimodzi ndiye kuti yatumidwa. Nanga chachilendo n'chiyani pamudzi pano, ngati si mkazi wakum'mawa uja? Abale anakhala pansi n'kugwirizana kuti mvula ikatha, msewu ukauma, ngolo ikamtule Tisauke kumene inamtola. Sanford anali munthu wabwino, koma ubwino wake unali wongoyang'ana pansi.

Zinamupweteka kwambiri Tisauke. Anali atalima munda wake, mtedza utayamba maluwa, ndipo mwamuna wakeyo ankamukonda ngakhale anali wozizira choncho. Analira, kenaka mkwiyo unaposa misozi, ndipo anapita kukaona khola limene ankamunenera.

Anakumbukira mmene ng'ombe zakufazo zinagonera. Sizinafere patsinde pa mtengo ayi. Zinagona mondandalikana kutsata waya, mbali imene ng'ombe zimaunjikana pothawa mvula yamphepo. Zimene zinali pakati pa khola sizinapse ngakhale ubweya. Atayang'ana muwangawo anaona zipsera ziwiri zatsopano, komanso zina zakalekale, khungwa litamera kale m'mbali mwake. Choncho mphezi inkaudziwa mtengowo iye asanabadwe n'komwe.

Anapita kwa Teddy, n'kugwada monga mwa ulemu.

"Alamu, pa ngolo ija sininabwere nekha. Tinabwera awiri, ine na waya wanu. Musanapitikitse ine, yambani mwachotsako mnzanga uja pa mtengo."

Teddy anaseka. Anati waya ndi chitsulo chabe, alibe mtima woti n'kudana ndi munthu. Tisauke anayankha kuti madzi nawo alibe mtima, koma ukawakumbira ngalande amaitsata. Teddy anamuuza kuti akasamale za mtedza wake.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, aliyense akuona, Tisauke anatenga nkhwangwa n'kudula wayayo mbali zonse ziwiri za muwanga, n'kumukokera kutali ndi mtengowo. Mpata umene unatsala anautseka ndi nthambi zaminga. Teddy anabwera akutukwana. Koma Sanford, amene aliyense ankamuyesa chitsa, anali atanyamula kale nthambi ina n'kuima pambali pa mkazi wake. Anangoti amene akufuna kubwezera waya ayambe wadutsa pa iye.

Chotsala chinali kudikira, ndipo apa nzeru za Tisauke zinathera. Mphezi ikanatha kugwera kwina, kapena osagwa konse mpaka chaka chamawa, iye atapita kale. Mainess anamufunsa monyoza kuti nanga aitana liti.

"Siniitana ine, ndipo kumene izagwera kulibe amene adziwa. Chimene naona ni njira imene ipita ikagwa. Njira ija naitseka."

Mvula inagwa kangapo popanda kanthu. Ina inangogunda cha ku Palabana n'kupita. Chimanga chinayamba ngayaye, ndipo Teddy anayamba kupaka mafuta magudumu a ngolo.

Kenaka tsiku lina masana kunada bii. Ng'ombe anazithamangitsira m'khola, anthu n'kubisala m'makonde. Kunawala koti maso anachita khungu, kugunda kwake n'kugwetsa dothi la m'zipupa. Muwanga unang'ambika kuchokera kunsonga mpaka pansi, utsi uli tolotolo.

Tisauke sanadikire kuti mvula ikate. Anathamangira kukhola matope ali m'miyendo, mtima uli m'mwamba. Ng'ombe zinali zitaunjikana pa waya monga mwa masiku onse, zikulira, maso ali tong'o. Zonse zinali chiimire. Anagwira msana wa ng'ombe imodzi, n'kumva kuti ndi wofunda, ndipo anayamba kuseka mvula ikumulowa m'kamwa.

Teddy anazungulira kholalo, n'kuima nthawi yaitali pamene waya anadulidwa. Kenaka, pamaso pa mudzi wonse, anavula chipewa.

"Mulamu, tinakulakwirani."

Msewu utauma ngolo inapitadi kumsewu waukulu, magudumu ake opakidwa bwino mafuta aja osalira n'komwe. Inanyamula waya, wokulungidwa, kubwerera kwawo. Tisauke anaiona ikudutsa ali m'munda, anaibayibitsa ndi dzanja, n'kupitiriza kukumba mtedza wake.